Bernardino Woyera wa ku Siena, Mlaliki Amene Adayanjanitsa Zipani

Pa 20 May caka ciri conse Eklezia Katolika amakumbukira Bernardino Woyera wa ku Siena, wansembe wa gulu la Francis Woyera, amene adayenda pansi m'dziko la Italy zaka zoposa 25 akulalika m'mabwalo a mizinda. Iye adakhala ndi moyo pa nthawi imene anthu a mzinda umodzi, obatizidwa m'chalichi cimodzi, ankaphana ndi kutentherana nyumba cifukwa ca maina awiri a zipani, ngakhale ambiri a iwo sankadziwa n'komwe kumene mainawo adacokera. Nchito yaikulu ya moyo wace idali kuletsa mau oipa amene ankasonkhezera udaniwo, ndi kuwapezera adani aja cinthu cimodzi cimene onse akadati ncao.

UBWANA NDI MLIRI

Bernardino adabadwa pa 8 September, 1380, m'mzinda wa Massa Marittima, umene udali pansi pa ulamuliro wa Siena. Atate ace, a Tollo, a banja lomveka la Albizzeschi, ndiwo adali bwanamkubwa wa mzindawo. Koma ulemerero wa banja sudamchinjirize ku cisoni, pakuti amai ace adamwalira iye ali ndi zaka 3, ndipo pofika zaka 6 adali atataya atate acenso. Mwana wamasiyeyo adaleredwa ndi Diana, mbale wa amai ace, kufikira pamene abale a atate ace adamtengera ku Siena ali ndi zaka 11. Kumeneko adaphunzira Cilatini, pambuyo pace naphunziranso malamulo a Eklezia.

M'caka ca 1400 mliri woopsa udagwa mu Siena. Cipatala cacikulu ca mzindawo, ca Santa Maria della Scala, cidadzaza ndi odwala, ndipo ambiri a iwo amene ankawasamala adafa nayo nthendayo, kotero kuti padasowa manja. Bernardino, mnyamata wa zaka pafupi 20, adasonkhanitsa anzace 12, napempha mkulu wa cipatala kuti awasiyire nchito yonse. Miyezi 4 adasamala odwala ndi kuika akufa usana ndi usiku. M'zipinda zija mwana wa bwanamkubwa adaona ndi maso ace kuti mliri sufunsa dzina la banja kapena cipani ca munthu. Mliri utatha iyenso adagona pamphasa miyezi ingapo, ndipo atacira adasamala mbale wace wina wokalamba ndi wakhungu, dzina lace Bartolomea, kufikira imfa yace.

Pa 8 September, 1402, atagawira osauka cuma cace, adabvala mkanjo wa abale a Francis Woyera wa ku Assisi, nasankha nthambi ya iwo amene ankafuna kusunga lamulo la umphawi mosapatuka, ochedwa a Osservanti. Adalandira unsembe m'caka ca 1404. Zaka zoposa 12 zotsatira adakhala wosadziwika kwenikweni, akupemphera ndi kuwerenga m'nyumba zazing'ono za abale, ndipo amanena kuti poyamba liu lace lidali lofooka ndi losasa, losayenera mlaliki.

MAINA AWIRI OGAWA DZIKO

Kuti nchito ya Bernardino imveke, kuyenera kudziwa umo Italy idakhalira masiku amenewo. Dzikolo lidalibe boma limodzi. Mizinda yaikulu inkadzilamula yokha, uli wonse ndi malamulo ace ndi asilikali ace. Kuyambira zaka za m'ma 1200 mizindayo idagawikana pa mkangano wa pakati pa Papa wa ku Roma ndi Mfumu Yaikulu ya ku Germany, imene inkadzinenera ulamuliro pa Italy. A mbali ya Papa ankachedwa a Guelfi, a mbali ya Mfumu ankachedwa a Ghibellini. Maina awiriwa sadali a ku Italy ai: loyamba lidacokera ku banja lacifumu la Welf, laciwiri ku linga la Waiblingen, konse kuwiri ku Germany.

Mwazi wokhetsedwa cifukwa ca mainawa udali wambiri. Pa nkhondo ya ku Montaperti m'caka ca 1260 a Ghibellini a ku Siena adagonjetsa a Guelfi a ku Florence, ndipo anthu zikwi zambiri adafa tsiku limodzi. Cipani cikapambana m'mzinda cinkathamangitsa cinzace, kugumula nyumba ndi kulanda minda. Othamangitsidwawo ankabisala ku mzinda wina, akudikira tsiku lobwera ndi asilikali kudzabwezera. Ndipo opambana naonso sankakhalitsa mu umodzi. A Guelfi a ku Florence atatsala okha adagawikanso pawiri, gulu lina nilidzicha Akuda, lina Oyera, maina ongosiyanitsira magulu, osanena za khungu. M'caka ca 1302 Akuda adathamangitsa Dante Alighieri, mlembi womveka wa ndakatulo, amene adafera ku Ravenna m'caka ca 1321 osaonanso kwao.

Pofika masiku a Bernardino mkangano wa Papa ndi Mfumu udali utazirala kale, koma maina adatsala. Mwana ankabadwira m'cipani monga abadwira m'pfuko, nalandira adani a agogo ace monga colowa. Posowa cifukwa ceniceni codanirana, anthu adakangamira zizindikiro. Zithunzi za mphungu, mikango ndi maluwa zinkalembedwa pa zitseko ndi pa zishango, ngakhale pa makoma a machalichi. Cipani ca munthu cinkadziwika ndi mbali imene watsomeka nthenga pa cipewa, ndi kadulidwe kace ka adyo, ndi kasendedwe kace ka cipatso.

Masiku amenewo kudalibe nyuzipepa, ndipo makina osindikizira mabuku a Johannes Gutenberg adali asanapangidwe. Nkhani zinkayenda ndi pakamwa: pa msika, pa citsime, pa khomo la chalichi. Mphekesera yakuti banja lakuti likupangana mobisa ndi othamangitsidwa inkakwanira kuutsa mzinda wonse.

MLALIKI WA M'MABWALO

Mbiri ya Bernardino idayamba kumveka ku Milan m'caka ca 1417, ndipo kuyambira pamenepo mizinda idalimbirana kumuitana. Machalichi adacepa ndi makamu odzamumva, motero ankamkonzera poimirira pa bwalo. Ankayamba mbandakuca, itatha Misa, nalalika maora 3 kapena 4, amuna atakhala mbali ina, akazi mbali ina. Sankalankhula Cilatini ca ophunzira, koma cinenero ca pa msika. Ankasimba nthano, kuseketsa anthu, kuchula zimene zinkacitika m'nyumba zao, ndi kudzutsa amene wayamba kuodzera.

M'caka ca 1427 akulu a ku Siena adamuitana kwao, pakuti nzika za mzindawo zidali zogawikana m'magulu 5 olimbirana maudindo. Kuyambira pa 15 August adapereka maulaliki 45 pa bwalo lalikulu lochedwa Piazza del Campo, pakhomo pa nyumba ya boma. Mmisiri wina wa nsalu, dzina lace Benedetto, ankabwera m'mawa uli wonse ndi timatabwa topaka phula, nalembapo mau onse mwacidule, nakawalembanso bwino pa pepala. Cifukwa ca khama la mmisiri ameneyu, maulaliki aja akali kuwerengedwa kufikira lero.

Dongosolo la maulalikiwo liri lofunika kuliona. Asanakhudze nkhani ya zipani, Bernardino adayamba watha masiku angapo otsatana pa macimo a lilime: misece, ugogodi ndi kunamizira. Adaphunzitsa kuti mbiri yabwino ya munthu iposa cuma cace, kotero kuti woiononga ali wakuba, ndipo ayenera kubweza cimene adaba. Adaphunzitsanso kuti wochera khutu mokondwa agawana chimolo ndi wonenayo, pakuti wamisece akasowa womumvera amatseka pakamwa. Iye adaona kuti lupanga lisanasololedwe, lilime limakhala litagwira kale nchito, kusandutsa mnansi kukhala cirombo m'maso mwa anzace.

Atatha izi adafika pa zipani. Kuyenera kukumbuka kuti zipani za nthawi ija sizidali zopikisana mwamtendere pa cisankho. Zidali magulu a udani wobadwa nao. Bernardino adasimba zoopsa zimene adaona ndi kumva ku Lombardy: nyumba zotenthedwa, akazi ndi ana ophedwa popanda mlandu wina koma dzina la banja lao. Adanena poyera kuti wosunga udani wa cipani mumtima ali m'chimo lalikulu, ndi kuti sangakhululukidwe m'Sakramenti la Kulapa asanautaye. Zizindikiro za zipani adaziyesa mafano, popeza anthu ankaziphera anzao ndi kuzifera.

M'nyumba ya boma ija mudali zithunzi zazikulu zimene Ambrogio Lorenzetti adajambula pa makoma m'zaka za 1338 ndi 1339. Mbali ina ionetsa mzinda wamtendere, amalonda akugulitsa, amisiri akumanga, alimi akulima ndi kukolola. Mbali ina ionetsa mzinda wankhondo, nyumba zogumuka ndi minda yosalimidwa. Bernardino adawakumbutsa a ku Siena zithunzi zao zomwezi polalika, kuti asankhe okha mzinda umene akufuna kusiyira ana ao. Akale adanena zoona kuti nkhondo siimanga mudzi.

DZINA LIMODZI

Koma mlalikiyo adadziwa kuti kulanda munthu cizindikiro cace, osampatsa cina, ndi nchito yosakhalitsa. Cotero ankayenda ndi thabwa laling'ono la utoto wonga thambo, lolembedwapo zilembo 3 zagolide, IHS, ndizo ciyambi ca dzina la Yesu m'Cigriki, zozingidwa ndi dzuwa la malawi 12. Potsiriza ulaliki ankalikweza pamaso pa khamu, anthu nagwada, iye nawapempha kuti afafanize zizindikiro za zipani pa makoma ao ndi kuikapo dzina limeneli.

Nzeru yace idali apa. Munthu wa Guelfi sakadalola kugwadira mphungu ya Mfumu, ndipo wa Ghibellini sakadalola kupacika cizindikiro ca a Guelfi pa citseko cace. Koma onse awiri adali Akristu, ndipo padalibe mmodzi amene akadanena kuti dzina la Yesu nlace yekha. Wocotsa cizindikiro ca cipani kuti aikepo dzinali sadagonje kwa mdani wace, ndipo sadacite manyazi pamaso pa abale ace. Bernardino adapatsa anthu otopa ndi nkhondo njira yoilekera popanda kunyozeka.

Zipatso zace zidaoneka. Ku Crema othamangitsidwa adaitanidwa kubwerera kwao, nabwezeredwa cuma cao colandidwa. Ku Belluno m'caka ca 1423 akulu adathetsa mipukutu ya maina imene inkagawa mabanja ndi maudindo mwa zipani. Ku Perugia m'caka ca 1425 adaletsa masewera akale oponyana miyala, m'mene magulu a mzindawo ankabvulazana ndi kuphana. Ku Siena komwe, atalalikako ulendo wina m'caka comweco ca 1425, cizindikiro cacikulu ca dzina la Yesu cidaikidwa pamwamba pa khoma la nyumba ya boma, ndipo ciripo mpaka lero. M'mizinda yambiri adani a zaka zambiri adafungatirana pa bwalo pamaso pa onse.

AMNENEZA KWA PAPA

Munthu wodzudzula misece sadaipulumuke misece. Alaliki ndi ophunzira ena adafalitsa mau akuti iye akuphunzitsa anthu kupembedza thabwa ndi zilembo. Nkhaniyo idafika kwa Papa Martin V, amene adamuitanira ku Roma, namletsa kulalika ndi kuonetsa thabwalo kufikira mlandu utaweruzidwa. Bernardino adamvera. Sadautse makamu omkonda kuti amtetezere, ngakhale akadatha kutero ndi ulaliki umodzi, ndipo pakukana kutero adakana kuyambitsa cipani cacitatu ca dzina lace. Mnzace Giovanni wa ku Capestrano adathamangira ku Roma kudzaima naye. Ciphunzitso cace citayesedwa adapezeka wosalakwa, ndipo Papa adamlola kulalika mu Roma momwemo. Omneneza adayesanso kaciwiri, koma Papa Eugene IV adatseka mlanduwo ndi kalata ya m'caka ca 1432.

Katatu adapemphedwa kukhala episkopi, wa Siena m'caka ca 1427, wa Ferrara m'caka ca 1431, ndi wa Urbino m'caka ca 1435, ndipo katatu adakana. Ndi cifukwa cace pa zithunzi zace pamakhala zisoti 3 za aepiskopi pa mapazi ace. Posakhala ndi mpando, munda kapena ndalama, padalibe cipani cimene cikadamgula kapena kumuopsa. Iye amene apapa adamkhulupirira adalinso bwenzi la Mfumu Yaikulu Sigismund, naiperekeza ku Roma kukabvekedwa cisoti caufumu m'caka ca 1433. Kuyambira 1438 kufikira 1442 adali mtsogoleri wa a Osservanti a ku Italy, ndipo atatula udindowo adabwerera ku ulaliki.

ZIMENE SIZIDATHEKE

Mbiri yoona siibisa pamene munthu adalephera. M'mizinda ina mtendere udakhala kanthawi cabe. Mlaliki atacoka, misozi ya pa bwalo itauma, zidani zakale zinkaphukanso. Ngakhale m'banja lace la Francis Woyera nthambi ziwiri sizidamvane, ndipo Papa Leo X adazilekanitsa m'caka ca 1517.

Pali cinanso colemera koposa. Lilime lomwelo limene lidayanjanitsa Akristu lidalankhula mau aukali otsutsa Ayuda okhala m'mizindamo, ndiponso lidautsa anthu kusakasaka oganiziridwa ufiti. Atalalika ku Roma, mkazi wina wonenezedwa ufiti adatenthedwa. M'zimenezi Bernardino adali mwana wa nthawi yace, ndipo Eklezia sayendanso m'njira imeneyo. Pa Msonkhano Waukulu Waciwiri wa ku Vatican, m'caka ca 1965, adadzudzula udani ndi mazunzo ali onse pa Ayuda. Apa pali cenjezo kwa ali yense amene makamu amamumvera: wolankhula kwa anthu ambiri wagwira moto m'manja, ndipo ciyanjano comangidwa pa kupeza mdani wina watsopano cikali ndi mbeu ya udani m'kati mwace.

IMFA YACE

M'caka ca 1444, atakalamba ndi kuonda, Bernardino adalalika nyengo ya Lenti ku Massa Marittima kumene adabadwira, nanyamuka ulendo wa ku ufumu wa Naples. Miyendo idamkana, kotero kuti adakwera bulu. Adafika ku L'Aquila akudwala kwambiri, ndipo abale adamgoneka pansi monga iye adafunira. Adamwalira pa 20 May, 1444, madzulo a tsiku lotsogolera cikondwerero ca Kukwera Kumwamba kwa Ambuye, ali ndi zaka 63. Anthu a kumeneko amasimba kuti magulu a mzindawo atayambana masiku otsatira, mwazi udatuluka m'thupi lace, ndipo omenyanawo poona izi adaleka nkhondo. Papa Nicholas V adamlemba m'gulu la oyera pa 24 May, 1450, zitangopita zaka 6, ndipo thupi lace ligona ku L'Aquila m'chalichi cacikulu ca dzina lace.

BWALO LA MASIKU ANO

Liu la Bernardino linkalekeza pa makoma a bwalo, ndipo misece ya nthawi yace inkayenda pa liwiro la miyendo. Lero bwalo liri m'thumba la munthu ali yense wokhala ndi lamya ya m'manja. Pa Facebook, pa WhatsApp ndi pa masamba ena a mcezo a pa intaneti, mau amaoloka nyanja m'kamphindi, ndipo akatuluka sabwezeka. Masamba ambiri otere amasankhira munthu zoti aone potsata zimene zimamgwira maso, ndipo nkhani zoutsa mkwiyo zimagwira maso msanga. Motero munthu amazingidwa ndi onena zomkomera, ndipo a mbali ina amawadziwa ndi zoipa zao zokha. Nthenga za pa cipewa zidatha, koma nsalu, mitundu ndi maina onyozana zalowa m'malo mwace. Papa Francis, m'kalata yace Fratelli Tutti ya m'caka ca 2020, adadandaula za ukali ndi kutukwanana kumene kwafala m'njira zimenezi.

Kusiyana maganizo pa kayendetsedwe ka dziko si chimo, ndipo kusankha atsogoleri mwaufulu ndi cinthu cabwino cimene anthu ambiri a nthawi ya Bernardino sadakhale naco. Coipa cimayamba pamene cipani casanduka pfuko, ndipo wa cipani cina waleka kuyesedwa munthu. Pamenepo ciphunzitso ca pa bwalo la Siena cikali ndi mphamvu. Wotumiza kwa anzace uthenga woipitsa munthu, umene sadaufufuze, wacita nchito ziwiri pamodzi, ya womvera misece ndi ya woifalitsa, ndipo ali ndi mangawa obweza mbiri ya mnzaceyo pamalo pomwe adaiipitsa. Wolandira uthenga wotere naulekeza pa iye yekha wazima moto usanafike pa denga la mnansi.

Ndipo wofuna kuyanjana ndi a mbali ina ayenera kucita monga adacitira mlalikiyo: kufunafuna cimene onse ali naco kale, cimene palibe mmodzi anganene kuti ncace yekha. Kwa Akristu ndico dzina limene adabatizidwamo. Kwa nzika za zipembedzo zosiyana ndico cipatala cimodzi cimene onse amagonekedwamo, sukulu imodzi ya ana ao, mvula imene onse amaidikira, ndi maliro amene onse amakhuza osafunsana za cisankho. Akristu okumbukira Bernardino Woyera pa 20 May ayenera kumpempha kuti awapempherere kwa Mulungu, kuti alamule malilime ao ndi zala zao, ndi kuti pokangana za dziko lao asaiwale kuti ali abale.